Nyimbo ya Patuma Ndinaiveka Nsalu ya Chipani

Inu owerenga, pa moyo wanga wa zoimba ndinalakwitsa kamodzi. Ndinalola kuti nyimbo yolira mwana wanga isanduke yovinira pamsonkhano. Koma pa zimene ndinachita pambuyo pake, zimene zinandipinditsa zalazi, sindidzapepesa kwa munthu, iyayi.

Kwathu ndi kwa Chikweo. Ndinkaimba banjo yopanga ndekha, ya chigubu cha mafuta ndi nsambo za waya wa mabuleki a njinga. Mwana wathu woyamba, Patuma, anamwalira ndi chikuku. Titachita sadaka yake ndinapeka nyimbo yomufunsa chifukwa chimene anachokera osatsanzika. Mayi ake ankaikonda ngakhale inkawaliza. Posakhalitsa anthu anayamba kuipempha m'misika mpaka ku Ntaja.

Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo wopanda khadi lake sankalowa ngakhale mumsika. Tsiku lina atcheyamani a chipani kwathuko anandiitanira pakhonde pawo. Anati a wayilesi ya boma akubwera ku Balaka kudzajambula oimba a m'midzi, ndipo dzina langa alipereka kale. Kenako anatsitsa mawu. "Nyimbo yanu ija ndi yokoma, koma mawuwo ayi. Alendo akamva aziti m'dziko muno ana akufa. Ikanimo chitukuko ndi mwini dziko."

Ndinkafunitsitsa kumveka pa wayilesi. Ndinachotsa dzina la Patuma n'kuikapo mawu otamanda. Ku Balaka anandikhazika m'kalasi, patsogolo pa makina a tepi, ndipo ndinaimba kamodzi kokha, iwo n'kuti zakwana.

Tsiku loiulutsa mudzi wonse unasonkhana pagolosale pamene panali wayilesi. Anthu anaomba m'manja. Mayi a Patuma anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandiyang'ana nati, "Bambo, mwana uja mwamuika m'manda kachiwiri." Kuyambira pamenepo ndikangogwira banjo, iwo ankatuluka m'nyumba.

Nyimboyo inatchuka moti nduna ina itabwera kudzachititsa msonkhano paboma pa Kasupe, ananditumizira galimoto kuti ndikaimbe. Amayi ovala nsalu za chipani anali atandanda kale. Nditangoyamba kukhwekhweza nsambo, iwo anayamba kuvina. Pa zimene zinatsatira, ena amati ndinasokonezeka ndi mantha. Bodza limenelo, ndinachita dala. Ndinayandikira chimkuzamawu n'kuitana Patuma ndi dzina lake, mawu onse monga ndinawapekera. Gule anazilala. Amayi ena, amene chikuku chomwecho chinawalanda ana, anayamba kuvomera chapansipansi.

Sindinaimalize. Anyamata a chipani anandikokera kuseri kwa maofesi. Anayamba ndi banjo, kuiponda mpaka kuphwanyika, kenako anaponda dzanja langa lamanzere ndi nsapato zomwezo. Ndinakhala m'chitokosi miyezi ingapo. Ankandiuza kuti ndingovomera kuti ndinali nditaledzera, andimasula. Ndinawayankha kuti ine ndine Msilamu, mowa sindiudziwa, ndipo ndinaimba za mwana wanga. Mayi a Patuma ndi amene ankayenda mtunda wonsewo kudzandiona.

Ondimangawo atatopa nane ananditulutsa. Kwathu anthu ankaopa ngakhale kundipatsa moni, choncho tinasamukira kwa achibale ku Utale, komwe ndimalima chimanga ndi kuweta mbuzi. Tepi ija sinamvekenso. Ndinamva kuti anaifufuta, ndipo ndinati afufuta bodza lawo lomwe. Zala zinapola mokhota, sizingathenso kudina nsambo.

Tsono inu achinyamata amene mukuthamangira kukajambulitsa, mverani. Wamkulu akadzakuuzani kuti mungosintha mawu awiri okha, dzifunseni kuti nyimboyo ikatha idzakhala ya yani. Kanani pomwepo pakhonde pake, pamene mungataye kutchuka kokha. Ine ndinakana mochedwa, pamaso pa khamu, n'chifukwa chake zinandidyera dzanja. Koma kukanako ndinakana, ndipo wina asandimvere chisoni.