Fani ya magetsi pa pikapu yanga yakale

Lolemba lapitali ndinachita manyazi pamaso pa anamfedwa, ndipo ndaganiza kuti ndikuuzeni ndekha musanamve kwa ena.

Ndili ndi kapikapu kakale kamene ndinagula nditapuma uphunzitsi. Kumudzi kuno mwini galimoto sakana maliro. Choncho atamwalira a Mwale, mnzanga amene tinaphunzitsa limodzi zaka zambiri, ine ndi amene ndinanyamula bokosi kuchoka pa Mitundu kupita kwawo kufupi ndi Nathenje.

Galimoto ya maliro sathamangitsa. Amayi anali kumbuyo akuimba, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ine ndikuyenda ngati nkhono. Tisanafike n'komwe pakati, nthunzi inayamba kufuka kutsogolo. Injini yawira.

Tinaima katatu. Kachitatuko madzi anali atatha, moti azibambo anatsitsa bokosi pamthunzi, amayi n'kumakapempha madzi pachitsime cha eni. ANabanda, mkazi wa malemu, anandiyandikira n'kunena motsitsa mawu: "Aphunzitsi, musadandaule. Mnzanuyu sanali munthu wothamanga."

Akanandikalipira bwenzi zili bwino. Tinaika malirowo dzuwa litapendeka, ena obwera kutali atabwerera kale.

Mawa lake ndinalawirira kwa a Kafumbata, makaniko amene amagwira ntchito pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Anatsegula boneti, n'kugwedeza fani ndi chala.

"Vuto si madzi ayi," anatero. "Fani iyi imazunguzidwa ndi injini kudzera pa lamba. Mukathamanga, nayo ithamanga. Mukayenda pang'onopang'ono, nayo iwodzera, pomwe ndi nthawi imene injini ikufuna mphepo. Onaninso, mapiko awiri anathyoka kale."

"Ndiye tigule ina?"

"Ya mtundu uwu m'tauni simuipeza. Koma ndili ndi fani ya magetsi yomwe ndinachotsa pa galimoto inachita ngozi. Imeneyo imadya kubatire. Muyende, muime, iyo ikupemerera basi."

Apa ndi pamene nkhani yanga yagona. Pansi pa mtengo uja sipasowa anthu, ndipo aliyense anasanduka injiniya.

"Amene anapanga galimotoyi sanali opusa," anatero mkulu wina woyendetsa matola. "Akanafuna ya magetsi akanaika."

"Mupsereza mawaya onse," anatero wina. "Zimenezo sizinachitikepo kuno."

Ndivomere, mtima unagwedezeka. Koma ndinakumbukira bokosi la mnzanga lili pansi m'mbali mwa msewu, ndipo ndinati, "A Kafumbata, masulani."

Ntchitoyo inatenga masiku awiri. Anachotsa fani yakale koma lamba anamusiya, poti ndi yemweyo amazunguza pampu ya madzi. Zitsulo zomangira fani yatsopano kuseri kwa radiyeta anazidula ku bedi lakale. Anakoka waya wonenepa kuchoka kubatire, n'kuika fyuzi kuti zikavuta ipse iyoyo, osati galimoto. Anamangiranso kaswichi kamene kamamva kutentha kwa madzi, kuti fani izidziyatsa ndi kudzizimitsa yokha.

Titaliza injini koyamba, fani inazungulira bwinobwino, koma muvi wa kutentha unangokwerabe. Anthu aja anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Tinanena ife!"

A Kafumbata anatola pepala la nyuzi, n'kuliika kutsogolo kwa radiyeta. Pepala lija linauluka kubwera kumaso kwanga.

"Ikukankha mphepo m'malo mokoka," anatero. "Ndasemphanitsa mawaya. Kulakwa n'kwanga."

Anasinthanitsa mawaya awiri okha. Ataikanso pepala, linamatirira pa radiyeta ngati alipaka ulimbo. Muvi unatsika, fani n'kudzizimitsa yokha. Pakati pa oseka aja panalibe amene anapepesa, koma mkulu wa matola uja ndinamuona akusuzumira m'boneti nthawi yaitali.

Lachisanu ndinakweza matumba a chimanga cha chipepeso, n'kuyenda msewu womwewo masana, dala pang'onopang'ono. Sindinaime ngakhale kamodzi.

Tsono abale anga, ndikufuna tikambirane. N'chifukwa chiyani mawu oti "sizinachitikepo" amatikomera chonchi m'kamwa?

Takhala zaka zambiri tikuphunzitsidwa kuti chinthu uchisiye mmene wachipezera. Kufunsa kunali kupalamula. Ine ndemwe m'kalasi ndinkakwapula mwana amene wapeza yankho la masamu mwa njira yake, osati yanga. Lero zasintha, tili ndi zipani zambiri, ndipo m'minibasi munthu amatukwana nduna mpaka kukatsika. Pakamwa pamasuka ndithu. Nanga manja?

Pitani m'midzi ya ku Malingunde kapena ku Diamphwe. Mupeza mjigo wafa chaka chathunthu chifukwa cha kamphira kamodzi, amayi akutunga m'dambo, mudzi wonse ukudikira "eni ake" abwere kuchokera ku Lilongwe. Eni ake ndani? Pachipatala china jenereta ya magetsi ili phee, pasukulu ina madesiki othyoka aunjikidwa mpaka kudenga, pomwe kalipentala ali pakhomo pomwepo. Munthu akati ayese, timamuzungulira, osati kuti timugwirire sipanala, koma kuti tidzaseke akalephera.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti aliyense atole waya n'kuyamba kulumikiza pamene wafuna. Galimoto zapsa ndithu chifukwa cha anthu otero. A Kafumbata anayamba ayeza ngati batire ingakwanitse, anaika fyuzi, ndipo atalakwitsa anavomera pagulu n'kukonza. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuyesa kwa munthu wodziwa ntchito yake si kusewera ayi.

Chimene ndikukana ndi mantha amene timawatcha ulemu. Amene anapanga pikapu yangayi sanaimepo pa msewu wathu mwezi wa Okutobala. Anaipangira misewu yawo. Ife ndi amene tikudziwa kumene imavutikira, ndiye kuikonza n'kwathu.

Ine ndatsimikiza mtima. Sabata yamawa komiti ya mjigo wa m'mudzi mwathu, umene nawonso unafa, ikakumana, ndikukakhala kutsogolo, ndipo ndapempha a Kafumbata kuti abwere ndi zitsulo zawo tikautsegule. Tikalephera, tidzakhala titadziwa chimene chafa. Oseka abwere, malo alipo.

Inu kwanuko, n'chiyani chimene chafa chaka chino mukuchiyang'ana, ndipo mukudikira ndani?