Ndakatulo Imene Ndinanena Pamaso pa ba Onarebo

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali ndi zaka khumi, ndili Giredi 4, pamene ba Onarebo anabwera kudzatsegula makalasi awiri atsopano pasukulu yathu, cha kufupi ndi Mpanshya. Dzina lawo sinditchula. Anali phungu wathu ku Nyumba ya Malamulo, analinso mkulu wa mpingo, ndipo kwathu kungotchula za iwo kunkayambanitsa anthu okwera njinga imodzi.

Ba Tate ankawakonda koopsa. Njoka itawaluma kumunda, galimoto ya ba Onarebo ndi imene inawathamangitsira kuchipatala, eni akewo atanyamula mwendo wotupa uja pamiyendo pawo, osasamala za suti. Koma ba Mayi akamva dzinalo ankangotembenuka n'kupitiriza ntchito yawo. Pawailesi anthu ankawatsutsa sabata ndi sabata. Anafuna kuti mabala azitsekedwa pa Sondo. Ananena kuti mkazi wovala thalauzi asaponde mu ofesi yawo. Nkhani yaikulu inali ya sukulu: boma linali litalola kuti mtsikana akabereka abwerere m'kalasi, ndipo iwo analumbira kuti lamulo limenelo adzalimbana nalo mpaka kumanda. Ine ndinkangodabwa kuti munthu mmodzi yemweyo angakhale bwanji mngelo kwa ba Tate ndi chilombo kwa ba Mayi. Ndinkafunitsitsa kumuona ndi maso anga.

M'nyumba mwathu nkhaniyo sinali ya pawailesi chabe. Akulu anga, ba Esinati, anasiya sukulu ali Giredi 9 atatenga pakati, ndipo nthawi imeneyo kamwana kawo kanali katayamba kukwawa. Anali atalemba fomu yobwerera n'kuipereka kwa ba Hedi, mphunzitsi wamkulu wa sukulu yathu, amene anangoti, "Tidzaona mwambo wotsegula makalasi ukatha." Ba Esinati ankadikira yankholo ngati mlimi wodikira mvula. Madzulo aliwonse ankatsegula makope awo akale n'kumawerenga, mwana ali pabere.

Tsono ba Hedi analemba okha ndakatulo yolandirira mlendo, ndipo anasankha ine kuti ndikainene. Sikuti ndinali wanzeru kuposa anzanga, ayi. Ndinali ndi mawu a kondakitala wa minibasi, ndikaitana mbuzi kumudzi wachitatu ankamva. Ndinanyada mpaka kuyenda kunasintha. Mizere yambiri ndinaiwala, koma iyi inakhala:

Sukulu ndi ya ana, si ya amayi ayi.
Tomato woola achoke m'bokosi,
Angaoletse anzake.
Ba Onarebo, tetezani khalidwe lathu!

Wondiphunzitsa kunena anali ba Esinati. Masana tikamasenda nshawa pakhonde, ankandiimika pabwalo ngati pali anthu chikwi.

"Iwe Mailesi, ukuthamangira kuti? Ukafika pa 'woola' uime pang'ono, uyang'ane anthu, ndiye upitirize."

Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Ba Sisi, nanga atsikana amene akunenedwa umu ni ati?"

"Iwe nena chabe. Kweza mawu."

Ndinadziyankha ndekha. M'mutu mwanga anali atsikana aja a kumsewu waukulu, kumene kumaima malole, opaka milomo yofiira. Ba Esinati sakanakhala m'gulu limenelo. Ankanunkhira sopo ndi mkaka, ankatchula mitsinje ya mu Afirika pamtima, ndiponso ankandiluka tsitsi. Ba Mayi anatipeza kamodzi tili pakati pa ndakatuloyo, anatula mtolo wa nkhuni n'kuima.

"Esinati, uli bwinobwino iwe? Ukumuphunzitsa zimenezo?"

"Akapita kutsogolo osakonzeka, adzaseka nyumba yathu kawiri," anayankha choncho ba Esinati, maso ali pa nshawa. Mawu akuti kawiriwo ndinawamva, koma sindinawaganizire, mtima unali pa tsikulo.

Tsikulo linafika ndi dzuwa loswa mtengo. Panali tenti, fungo la penti yatsopano, amayi a mpingo atavala zitenje zofanana, nthungululu zili pakamwa. Galimoto itaima ndinakhumudwa pang'ono. Ndinkayembekezera chimphona, koma munatuluka bambo wamfupi, wa imvi pang'ono, fumbi lili pansapato, akupukuta khosi ndi kansalu. Ankagwira chanza aliyense ndi manja awiri.

Nthawi yanga itakwana ndinanena monga anandiphunzitsira. Pa "woola" ndinaima, ndinayang'ana anthu. Mayo ine, kuwomba m'manja kwake! Ba Hedi anamwetulira mpaka mano onse panja. Ba Onarebo anadzuka, anatenga chokuzira mawu, anawerama pamaso panga.

"Mwana wanga, ndani anakuphunzitsa kukamba bwino chonchi? Ni ba ticha?"

"Awe," ndinatero, mawu anga akumveka mpaka kubwalo la mpira. "Ni ba sisi anga, ba Esinati. Aja aima pamtengo apo, apapa mwana kumsana. Afuna kubwerera ku Giredi 9."

Ndinanena monyadira, Mulungu ndi mboni. Ndinkafuna kuti nawonso awawombere m'manja. Mitu yonse inatembenukira kumtengo kuja. Anyamata ena kumbuyo anaseka. Ba Esinati sanathawe. Anangokweza mwana, n'kumangitsa chitenje pachifuwa.

Ine maso anga anali pa ba Onarebo, chifukwa ndinali pafupi moti ndinkaona thukuta likutsika m'mbali mwa khutu lawo. Anayang'ana kumtengo nthawi yaitali. Ndinkafuna kudziwa kuti munthu wa ba Tate kapena wa ba Mayi ndi amene ayankhe. Anachotsa chokuzira mawu pakamwa n'kundifunsa chapansipansi kuti, "Ali ndi zaka zingati?" Ndinawauza kuti khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Anagwedeza mutu, anati kwa anthu, "Mulungu awadalitse," n'kundibweza pamalo panga. Atayamba kulankhula ananena zonse zija ankanena pawailesi, osachotsapo ngakhale limodzi. Kungoti kumtengo kuja sanayang'anenso.

Lolemba ba Hedi anandiitana mu ofesi. Anati ndawavula pamaso pa alendo, ndipo anandipatsa khasu kuti ndikumbe dzenje la zinyalala lofika m'khosi mwanga. Ndinakumba masiku atatu, matuza ali m'manja, ndikudzifunsa kuti ndalakwa chiyani poti ndinangoyankha funso. Tsiku lachitatu anandipatsa fomu ya ba Esinati kuti ndikapereke kunyumba. Inali yosasaina. Anati ndikanene kuti malo adzaza. Sukulu ina yokhala ndi Giredi 9 inali kutali, yosatheka kupita ndi kubwera munthu woyamwitsa.

Patapita masabata awiri, galimoto ija inaima pakhomo pathu. Ba Onarebo munalibe. Dalaivala anatsitsa makina osokera, atsopano, opalasa ndi mapazi, n'kunena kuti, "Ba Onarebo akuti mtsikana uja aphunzire ntchito ya manja, alere mwana wake."

Ba Tate anavina pabwalo. "Mwaona? Mwaona munthu wa Mulungu? Nanga aja amalongolola pawailesi anakupatsani chiyani?"

Ba Mayi anati, "Makina taona. Nanga sukulu?"

Ba Esinati anakhala pansi moyang'anana ndi makinawo, anayendetsa gudumu ndi chala, kenaka analira. Sindinawaonepo akulira, ngakhale tsiku limene mimba inadziwika. Pamenepo m'pamene ndinadziwa tomato uja kuti ndi ndani, ndi kuti ndinaima n'kuyang'ana anthu pa mawu onyoza mbale wanga. Manyazi anandigwira, mtima unandiwawa kuposa matuza aja. Ndinagwada pambali pawo ndi kupepesa. Anapukuta misozi n'kunena kuti, "Unanena bwino, sunathamange." Bola akanangondimenya.

Ba Mayi sanandikalipire. M'mawa mwake tikupita kukatunga madzi anangoti, "Mailesi, munthu akakupatsa mawu kuti ukanene, uziyamba wafunsa kuti akugwera ndani." Anakhazika ndowa pamutu, nkhani inathera pomwepo.

Ba Onarebo anakhalabe paudindo zaka zingapo, mikangano ikuwatsata, kenaka anagwa pachisankho. Lamulo limene ankalimbana nalo lilipo mpaka lero. Anthu a kwathu amakanganabe za iwo pamaliro ndi m'minibasi, ena akuwerenga odwala amene ananyamula, ena akuwerenga atsikana amene anatsalira kunyumba. Ine chimene chimandizunguzabe ndi funso lawo lachinsinsi lija. Anafunsiranji zaka? Chinawagwira n'chiyani pamene anayang'ana kumtengo? Nditakula ndinkati ndidzapita kukawafunsa, koma ndinazengereza mpaka anamwalira.

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti ba Tate ndi ba Mayi onse ankanena zoona. Chifundo cha bambo uja sichinali chabodza, anali nachodi. Koma ankathandiza munthu pamalo pamene iye waona kuti m'poyenera munthuyo, osati pamene munthuyo akufuna kupita. Ndipo mphatso yotere imatseka pakamwa. Ukadandaula bwanji utalandira makina atsopano, mudzi wonse ukuona? Ba Tate sanapitenso kwa ba Hedi kukakakamira za fomu ija, poopa kuoneka osayamika.

Ba Esinati akusokabe pamsika wa ku Rufunsa, ndipo ndi makina amenewo anandilipirira sukulu ine mpaka kumaliza. Ntchito yawo yambiri ndi mayunifomu a sukulu. Chaka chatha ndinakhala nawo pashopu, ndipo ndinaona kuti pa siketi iliyonse ya mtsikana amasiya nsalu yambiri m'chiuno, yopindira mkati. Ndinawauza kuti akuwononga nsalu. Sanaleke kupalasa.

"Ikadzamuthina, angomasula ulusi," anatero. "Asasiye sukulu chifukwa cha siketi."