Kufunafuna Msuweni Wanga M'kompyuta

Ku Feira kumatentha moti munthu sukhazikika. Ukakhala m'nyumba umafuna panja, ukatuluka umalakalaka m'nyumba. Ine ndinalinso ndi kutentha kwanga kwa mumtima, chifukwa ndinkafuna kuchokako. Ndinali mtsikana wodziwa kutayipa, wolembedwa ntchito pa kabungwe kena kothandiza asodzi ndi alimi a m'madimba, m'kaofesi ka zipinda ziwiri pa Boma. Basi ya ku Lusaka ikaliza hutala, miyendo yanga inkayabwa ngakhale ndinalibe ulendo.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, azungu amene ankatithandiza anati tikhale ndi webusaiti kuti anzawo a kunja aziona ntchito yathu. Lamya ya pa Boma inali ya mwayi, lero yalira, mawa yagona. Choncho masamba onse ndinkawalemba pa kompyuta yathu imodzi ija, n'kuwaika pa disiketi, n'kupita nawo ku Lusaka kwa bambo wina wa makompyuta amene ankawakweza pa intaneti. Abwana athu ankadana ndi msewu umenewo chifukwa cha msana, ine ndinkaukonda ngati nyama. Ndi mmene ntchitoyo inagwera m'manja mwanga.

Masamba atachuluka, azungu aja anadandaula kuti sakupeza zimene akufuna. Bambo wa makompyuta uja anabwera ku Feira kamodzi kokha, thukuta lili kamukamu, n'kutiikira pulogalamu yofufuzira. Pamwamba pa tsamba loyamba panaoneka kabokosi koyera. Ukalemba mawu m'menemo n'kudina, kankakubweretsera masamba onse amene muli mawuwo. Anandionetsa mmene pulogalamuyo imawerengera masamba athu n'kusunga pamene liwu lililonse lili, anandionetsa malo osinthira zinthu, ndipo m'mawa mwake anathawa kutentha osatsanzika bwino.

Zotsalazo ndinazipeza ndekha, mokangana ndi makinawo. Poyamba kabokosiko kanali kopusa kwabasi. Ukalemba mawu okhala ndi "ku" kapena "ndi", kankakutulira masamba onse pamutu, mpaka ndinakaphunzitsa kulumpha timawu totero. Ukalemba Feira sikankadziwa kuti ndi Luangwa yemweyo. Ndinakauza. Ndinakauzanso kuti nsomba imene azungu amaitcha dzina la nyalugwe wa kwawo ndi mcheni wathu, ndipo ndinayenda pamsika kufunsa amayi ogulitsa nsomba mayina ena a pende, nkupe ndi vundu mu Chikunda ndi Chinsenga. Iwo ankandiseka kuti mwana wa msodzi wayamba kufunsa dzina la nsomba. Ndinapezanso posinthira kuti tsamba lina lizibwera patsogolo pa anzake, ndipo apo ndinamva kukoma, chifukwa m'moyo wanga wonse palibe chimene chinkandimvera chotero. Magetsi akazima ndili pakati, ndinkazungulira ofesi ngati nkhuku yofuna poikira.

Amene anatigulitsa ndi alonda athu. Anakauza anthu pamsika kuti kuofesi kwabwera makina ofunafuna, ukangolemba dzina la chinthu amakuuza kumene chili. Sabata isanathe kunabwera bambo wina amene anabedwa ukonde. Kunabweranso mayi wofuna kudziwa kumene mwamuna wake amagona akati wapita ku Katondwe. Ndinkawafotokozera kuti kabokosiko kamangofufuza m'masamba athu okha, a nsomba, madimba ndi mijigo, ndipo ankachoka akundiyang'ana ngati ndawamana dala. Ine ndinkaseka mpaka misozi.

Kuseka kunatha tsiku limene ndinaona azakhali anga pakhomo. Anali alongo awo a bambo anga, amene kwathu timati atete, ndipo ankakhala ku Kavalamanja, mudzi wa m'mphepete mwa Zambezi. Sankabwera pa Boma popanda chifukwa chachikulu. Ndinadziwa chimene abwerera asanatsegule pakamwa.

Mwana wawo wamwamuna, msuweni wanga, ankachita malonda a nsomba zouma. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki anawoloka kupita mbali ya Zumbo kukagula nsomba, monga ankachitira nthawi zonse, ndipo sanabwerere. Nkhondo inatha, othawa anabwerera kwawo, ena a kwathu amene anasowa anatulukira, koma iye ayi. Wina ankati anamuona ku Tete, wina ankati ku mafamu a ku Zimbabwe. Anasiya mkazi ndi mwana wakhanda. Tsopano mwanayo anali pasukulu, ndipo abale a mkaziyo anali atatopa. Ankafuna kuti maliro achitike, aike thunthu la nthochi m'manda monga timachitira munthu akatengedwa ndi mtsinje, kuti mwana wawo amasulidwe akakwatiwe kwina. Azakhali ankakana chaka ndi chaka. Ulendo uno akuluakulu a mbali zonse ziwiri anali atagwirizana kuti mvula yoyamba ikagwa, maliro achitika, afune asafune.

Anakhala pampando wa alendo, n'kumasula kansalu kamene ananyamula. Munali malaya a msuweni wanga. Anawaika pafupi ndi kompyuta mwaulemu, mmene anthu amachitira akapita kokaombeza, kuti wofufuzayo amve fungo la mwini wake.

"Namvela ati uli na makina yosakila," anatero. "Nisakileko mwana wanga."

Ndinawafotokozera zimene ndinkafotokozera ena aja. Ndinati makinawa si ng'anga, saona kutali, amangodziwa zimene ine ndawalembera. Iwo anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati ndilembe dzinalo basi, zinazo ndi zanga. Ndinalemba. Ndinadina. Panatuluka mzere umodzi umene ndinaulemba ndekha masiku a m'mbuyomo, wonena kuti mawuwa sanapezeke m'masamba athu. Azakhali sankadziwa kuwerenga, anangoyang'ana nkhope yanga.

Ndinawauza kuti sanapezeke, koma chifukwa chake n'chakuti sitinamulembemo, osati china ayi.

"Manje ngati simunamulembemo, uyembekeza chani? Mulembemo."

Ndinaona kuti azakhali akunena zoona. Masamba athu ankawerengedwa ndi anthu a kutali amene sindinkawadziwa. Ndani akanalumbira kuti pakati pawo palibe wansembe wa ku Tete, kapena mwini famu amene ali ndi wantchito wolankhula Chikunda? Msuweni wangayo ndi amene ankandiseka ndili wamng'ono kuti ndine mkazi wake, monga asuweni amachitira, ndipo ankandibweretsera maswiti a ku Zumbo okoma sopo. Ndinkamukonda, ndipo ndinali nditazolowera kusamuganizira.

Tinakhala masana onse tikulemba. Azakhali ankanena, ine ndikutayipa. Ananena za msinkhu wake, za chipsera cha mbedza pachala chachikulu, za chibwibwi chake akakwiya, za mudzi wa atate ake. Zina zinali zosathandiza wofufuza aliyense, monga zoti sadya therere, koma sindinachotse kanthu. Anandipatsa chithunzi cha pa ukwati wake chimene chinali chitayamba kufiira.

Abwana atamva anapukusa mutu. Anati webusaiti ndi ya ntchito za bungwe, si wailesi yolengeza osowa, ndipo tikayamba ndi mmodzi mawa mzere ufika kumtsinje. Ndinawayankha kuti munthuyo anali wamalonda a nsomba, ndipo tili ndi gawo lonse la amalonda a nsomba limene lili ndi masamba awiri okha. Anandiuza kuti ndili ndi pakamwa ngati agogo anga. Sanavomere ndipo sanakane, choncho Lolemba ndinakwera basi.

Ku Lusaka bambo wa makompyuta uja anajambula chithunzicho ndi makina ake n'kukweza tsambalo. Koma ine sindinakhutire. Ndinadziwa kuti palibe mlendo amene angalembe dzina la msuweni wanga m'kabokosi, popeza salidziwa. Ndiye ndinapita pamalo paja posinthira tsamba lobwera patsogolo, n'kumangirira tsamba lake ku mawu onse amene alendo amakonda. Wolemba Zambezi ankayamba waona iyeyo. Wolemba Feira, Zumbo, Mozambiki, bwato kapena nsomba, chimodzimodzi. Mzungu wofuna kudziwa kowedza mcheni ankalandiridwa ndi mwamuna wovala jekete yobwereka, maso ali tong'o chifukwa cha kuwala kwa kamera. Pansi pake ndinalemba m'Chingerezi ndi m'Chinyanja kuti amene wamuona alembere ku ofesi yathu. Mnzanga wina wa ku mishoni anandithandiza mizere iwiri ya Chipwitikizi.

Kenaka tinayamba kudikira, ndipo kudikira sindikutha. Mwezi wa Okutobala unafika ndi moto wake. Ndinkapita ku positi ofesi m'mawa ndi masana mpaka bambo wa pamenepo anayamba kundipukusira mutu ndili patali. Lamya ikalira ndinkadumpha mpando. Ndinkapeka zifukwa zopitira ku Lusaka, ndikati pali tsamba lofunika kukonza, pamene ndinkangofuna kukafunsa ngati pabwera uthenga. Mauthenga ankabwera ndithu. Wina ankafunsa ngati ku Feira kuli malo ogona alendo. Wina ankafuna kudziwa nyengo yabwino yowedza. Mayi wina wa kutsidya kwa nyanja analemba kuti akutipempherera, ndipo ndinamukwiyira popanda chifukwa. Azungu athu nawo anafunsa abwana kuti bwanji chilichonse chimene alemba chikuwabweretsera munthu mmodzimodzi. Abwana anawayankha kuti makina a kuno amasokonezeka ndi kutentha, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuwanena za msana wawo.

Kunyumba sindinkadya bwino. Ndinkayang'ana kumwamba kangapo patsiku. Anthu onse a m'chigwa ankapempha mvula, ine ndekha ndinkaipempha kuti ichedwe, ndipo ndinkachita manyazi ndikaona chimanga cha m'madimba chikufota. Azakhali ankatumiza mawu ndi eni mabwato, funso lake limodzi lomwelo. Yankho langa linalinso limodzi. Nthawi ina ndinakumana ndi mkazi wa msuweni wanga pamsika, atabwera kudzagulitsa tomato. Anandipatsa moni bwinobwino, anafunsa za kuntchito, koma za makina sanafunse. Ndinaona mmene anaondera, ndi mmene anakalambira asanakule, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinadziwe kuti ndili mbali ya ndani.

Mvula inagwa tsiku lina masana, ndili pa kompyuta. Fungo la dothi linalowa pawindo, ana anayamba kukuwa mumsewu, magetsi anazima. Ndinakhala pamenepo ndikuyang'ana galasi lakuda.

Maliro anachitikira ku Kavalamanja patapita masiku ochepa. Tinapita pabwato la injini, ine ndi bambo anga ndi abale ena. Ndinkayembekeza kuti azakhali adzagwa pansi, adzatukwana, adzakana kutuluka m'nyumba. Sanachite zimenezo. Anakhala pamphasa pakati pa amayi, analira pamene ena ankalira, ndipo pamene amuna ananyamula thunthu la nthochi lokulungidwa m'nsalu, anadzuka n'kulitsatira mpaka kumanda. Anaponya dothi ndi dzanja lawo. M'mawa mwake mpongozi wawo atametedwa n'kumasulidwa, anamugwira manja onse awiri n'kumuuza kuti apite bwino, wadikira mokwanira, ndipo mwana azibwera naye.

Ine ndinali ndi mawu amene ndinakonza m'bwato, opepesa kuti makina anga sanathandize. Ndinawazemba azakhali tsiku lonse chifukwa cha mawu amenewo. Pamene tinkatsikira kudooko kuti tibwerere, ndinamva akundiitana kumbuyo. Anabwera pang'onopang'ono, mutu wometa uli pamtunda, n'kundikokera pambali pamene bambo anga sakanamva.

"Aba taika ni ba nthochi," anatero motsitsa mawu. "Uja wamene tinalemba, akalimo?"

Ndinati akadalimo, atete, ndipo aliyense wofufuza amayamba waona iyeyo.

"Usamuchotsemo."

Mwini bwato anali atayamba kale kukoka chingwe cha injini. Ndinawauza kuti sindimuchotsa, ndipo anandisiya dzanja kuti ndikakwere.