Pensulo Imodzi, Ana Awiri

Pa sukulu yonse, bambo wophunzitsa kalasi yoyamba anali mmodzi yekha, ndipo anakhalamo zaka makumi awiri ndi zitatu osasuntha. Aphunzitsi anzawo ankati kalasi imeneyo ndi ya amayi, poti theka la ntchito yake ndi kupukuta mamina ndi kumanga zingwe za nsapato. Iwo sankatsutsa. M'thumba la jekete ankayenda ndi mipango iwiri, wina wawo, wina wa ana. Dzina lawo lenileni linkapezeka m'mabuku a ku ofesi basi. Ana, makolo, ngakhale akazi awo akapsa mtima, ankawaitana kuti a Bwerekanani.

Dzinali linachokera ku kachitidwe kawo. Chaka chikamayamba, ofesi inkapereka mapensulo okwanira mwana aliyense. A Bwerekanani ankatsekera theka m'kabati, kiyi n'kuponya m'thumba. Pa desiki iliyonse ya ana awiri ankaikapo pensulo imodzi. Wina alembe mzere wake, apereke kwa mnzake. Wofuna apemphe ndi pakamwa, wolandira athokoze. Kulanda unali mlandu waukulu kuposa kulemba chilembo chozondoka.

"Zilembo sizithawa, adzazipeza," ankatero kwa kholo lililonse lodandaula. "Koma mwana wosadziwa kudikira mnzake, ngakhale mum'gulire mabuku odzaza galimoto, mwangolera fisi wodziwa kuwerenga."

Maganizo amenewa sanawatole m'buku. Anabadwa m'banja la ana asanu ndi anayi, m'nyumba imene sopo, bulangete ndi nsapato zabwino zinali za onse. Bambo awo atamwalira, ana aja, akuluakulu ndi ndevu zawo, anamenyana chifukwa cha njinga imodzi yopanda mabuleki, ndipo awiri mwa iwo mpaka lero salonjerana. A Bwerekanani anaona kuti kugawana si chinthu chobadwa nacho. Chimafunika mphunzitsi, ngati masamu.

M'kalasi mwawo munali ana makumi asanu ndi limodzi kudza anayi, mawindo atatu, ndi chitini cha zitsekerero za mabotolo zowerengera. M'mawa uliwonse asanagwire choko ankafunsa kuti, "Ndani wabwera ndi mkwiyo lero?" Okweza manja ankapatsidwa chinsanza kuti apukute bolodi mpaka mkwiyo uthere pomwepo. Wolira sankamuletsa, ankangomusonyeza pakona pamene panali mpando wake wolirirapo. Aphunzitsi a makalasi apamwamba ankavomereza, ngakhale monyinyirika, kuti ana ochokera kwa a Bwerekanani samenyana kawirikawiri. Zimenezi zinawalowa m'mutu bambowa. Munthu akayamikiridwa zaka makumi awiri amasiya kuyang'ana pansi.

Patatsala masabata asanu kuti chaka chithe, anaitanidwa ku ofesi. Anapeza ahedi, mayi wocheperapo msinkhu amene anabwera chaka chapitacho, atakhala pampando wawo. Pambali pawo panaima mayi wina, telala wa kumsika, tepi yoyezera ili m'khosi. Anachita kuoneka kuti wasiya makina pakati pa msoko. Patebulo panali kope la mwana wake, kamtsikana kamene anzake ankakatcha Chete.

"Aphunzitsi, tatsegulani kopelo," anatero telala uja.

Anatsegula. Tsamba lililonse linali lodzaza, zilembo zowongoka bwino, ndipo pansi pake panali chongi chawo chofiira.

"Mwana wanu akuchita bwino, mayi."

"Nanenso ndimatero. Dzulo manja anga anali otanganidwa, ndiye ndinam'patsa choko kuti andilembere 8 pansalu. Aphunzitsi, mwana uja wagwira choko ngati wagwira mpeni. Ndam'patsa pensulo kuti alembe dzina lake, wangondiyang'ana. Ndiye mundiuze, m'kopemu amalemba ndani?"

Sipanatenge nthawi kuti wolembayo apezeke. Anali mnzake wa pa desiki, kamnyamata kochangamuka kamene ankakatcha Liwiro. Atafunsidwa sanachite n'komwe mantha.

"Ndimamuthandiza, aphunzitsi. Amachedwa. Ndikamaliza langa ndimalembanso lake."

"Iye anakupempha pensulo?"

"Ayi. Sapempha."

Kuyambira mwezi woyamba zinali choncho. Liwiro sanalande, ndiye sanalakwire lamulo. Chete sanalire, ndiye palibe anacheuka. Desiki yawo inali yabata kuposa onse m'kalasimo, moti a Bwerekanani ankaitchula ngati chitsanzo kwa anzawo. Miyezi isanu ndi itatu anachonga dzanja limodzi m'makope awiri.

Ahedi sanakweze mawu. Analamula kuti kabati atsegulidwe tsiku lomwelo, mwana aliyense alandire pensulo yake. Kenako ananena za Chete. Pa mayeso omaliza adzalembe dzina lake ndi mawu khumi ndi dzanja lake. Akapanda kukhoza asanu, abwereza kalasi. Ndipo mayesowo adzayang'anira ndi kuchonga ahediwo.

"Musandimve molakwa, bambo," anatero. "Koma chongi chanu pakali pano sichikugula kanthu."

A Bwerekanani anachita manyazi amene anali asanachitepo chiyambire ntchito. Madzulo anakhala pakhonde osavula jekete, n'kufotokozera akazi awo zonse. Mayiwo, amene anali kusita mayunifolomu a zidzukulu, sanawanyengerere.

"Inu mumaphunzitsa ana kupereka. Nanga kukana munam'phunzitsapo ndani? Inu nomwe simukudziwa. Makwerero athu ali kwa aneba chaka chachiwiri chino, mukawaona mumayamba ndinu kupepesa."

Tsiku lotsatira anam'samutsira Chete pa desiki ya kutsogolo, pafupi ndi tebulo lawo. Pa nthawi yopuma, anzake akuthamangitsana panja, iwo ankadzipinda pa kabenchi ka ana, mawondo kufika pachibwano, n'kum'gwira dzanja. Mutu wa mwanayo unali bwinobwino. Zilembo zonse ankazidziwa ndi maso, poti miyezi yonseyo ntchito yake inali yoonerera. Zala zokha ndi zimene zinali mbuli. Pofika Lachisanu anali atalemba mizere iwiri ya "a" wooneka ngati mazira osweka.

Vuto linali lina. Pensulo sinkakhalitsa m'manja mwake. Lolemba anam'patsa yatsopano, pofika masana inali kwa mwana wa kumbuyo amene anataya yake. Lachiwiri chimodzimodzi. Munthu akangotambasula dzanja pafupi naye, ngakhale akungodzikanda, zala za Chete zinkatseguka zokha. Sabata imodzi inadya mapensulo atatu, ndipo palibe ngakhale imodzi imene inabedwa.

Choncho a Bwerekanani anayamba phunziro limene linali lisanakhalepo m'kalasi mwawo.

"Tamvera, mwanawe. Ine ndikupempha pensulo. Iwe unene kuti, ayi, ndikulemba. Wamva?"

Anagwedeza mutu.

"Chabwino. Tandibwereka pensuloyo."

Anawapatsa, ndi manja awiri.

"Ayi, ayi. Ukane. Sindikukwiyira. Tiyesenso. Tandibwereka pensuloyo."

Anawapatsanso.

Anayesa mawa lake, ndi mkuja. Anayesa ndi mawu okalipa, ndi mawu a nkhalamba, ndi mawu a kamwana, mpaka kalasi yonse inkagwa ndi phwete. Chete ankamwetulira pang'ono, n'kupereka pensulo. Pa sabata yachitatu anayamba kuchedwerapo asanapereke, ndipo bambowa anapita kunyumba akuimba mluzu ngati awakweza pantchito. Pa sabata yachinayi kuchedwa kuja kunatha. Iwo anamva chisoni, komanso mantha, chifukwa anadziwa kuti pa mayeso padzapezeka mwana wothyola pensulo yake, ndipo aliyense m'kalasimo ankadziwa kopita.

Telala ankabwera kudzam'tenga mwana wake masana. Sankalonjera. Ankangotsegula kope pakhomo pomwepo, kuyang'ana mazira osweka aja, n'kulitseka.

Tsiku la mayeso ahedi analowa ndi mapepala ndi bolopeni yofiira. A Bwerekanani anauzidwa kuti aime kumbuyo, pafupi ndi tsache, asatsegule pakamwa. Kuchokera pamenepo ankangoona msana wa Chete ndi timaluko take tiwiri. Ahedi ankatchula mawu amodziamodzi, ana n'kuweramira pamapepala. Mwana wa kumbuyo anathyoladi pensulo pa mawu achitatu, koma a Bwerekanani anali atasongeratu mapensulo asanu, ndipo anam'kankhira imodzi asanadzuke n'komwe.

Mawu khumi atatha, ahedi anapereka mphindi zochepa kuti ochedwa amalize. Iwo anayamba kuchonga mapepala a omaliza msanga, koma bolopeni inakana. Anaikutumula, anaipumira mpweya, anaikanda pachikuto cha kaundula, osatheka. Osadzutsa mutu, anatambasulira dzanja pa desiki yapafupi. Kaya anaiwala amene amakhala pamenepo, kaya anachitira dala, sananenepo mpaka lero.

"Tandibwereka kaye pensuloyo."

A Bwerekanani anaona chigongono cha Chete chikunyamuka. Chinakwera pang'ono, n'kuima. Kenako chinabwerera pa desiki.

"Ayi. Ndikulemba."

Mawuwo anali aang'ono kwambiri, koma kalasi inali zii, moti anamveka mpaka pa tsache. Ana makumi asanu ndi limodzi kudza atatu anadzutsa mitu kuti aone mmene munthu amafera. Liwiro anagwira pakamwa.

Ahedi anayang'ana mwanayo, n'kuyang'ana kumbuyo kwa kalasi. Bambo wa jekete anali atatembenukira kukhoma, akuwerenga kalendala ya chaka chatha mwachidwi chachikulu. Mayiwo anabweza dzanja lawo, nalipinda pachifuwa, n'kudikira. Anadikira nthawi yaitali ndithu, chifukwa Chete anali pa dzina lake, ndipo chilembo chilichonse ankachikoka ngati akukoka ndowa m'chitsime.

"Wamaliza tsopano?"

"Eya."

"Ungandibwerekeko?"

Anawapatsa. Ahedi anachonga pepala lake pomwepo, ali chiimire. Mawu anayi anali osawerengeka ngakhale kwa munthu wachifundo. Asanu ndi limodzi anali olondola. Analemba chiwerengerocho pamwamba, anasonkhanitsa mapepala onse, n'kulunjika kukhomo, pensulo ataibaya m'tsitsi monga amachitira ndi cholembera chilichonse chimene chawafika m'manja.

Anali atatsika kale sitepe pamene anamva wina akukoka siketi yawo. Chete anali atatuluka pa desiki popanda kupempha chilolezo, dzanja lili chitambasulire.

"Pensulo yanga," anatero.