Mtsuko wa Amayi ndi Mavoti a Agiriki

Kuno ku Nechells, m'dziko la Angerezi, tsiku lina ndangotsika basi kuchokera ku shifiti, mwana wanga Tadala anandionetsa homuweki yake ya za Agiriki akale. Panali chithunzi cha phale lolembedwa dzina. Akuti, "Dad, they voted with broken pots. Weird, innit?" Ndinavula nsapato, n'kukhala pansi. Ndinati mwanawe, zimenezo usandiuze ine. Ine ndinavotapo ndi phale.

Sukulu sindinapite nayo patali, ndinalekezera Sitandade 7, koma phunziro ilo lokha silinandichoke. Inali nthawi ija ya matipate, aliyense akungokamba za demokalase, ngakhale ogulitsa mandasi. Aphunzitsi athu a Mbewe, munthu wamfupi wosavula tayi ngakhale m'dzuwa la Okutobala, anati zinthuzi sizachilendo ayi, zinayambira kalekale mumzinda wa Atene. Kumeneko akuti anthu akatopa naye munthu ankalemba dzina lake pa phale, ndipo amene mapale ake achuluka ankamuthamangitsa mumzinda zaka khumi. Anapitirira mpaka kwa Aroma, kwa Angerezi omwe anakakamiza mfumu yawo kuvomera malamulo a papepala, mpaka kwa Afalansa omwe anaona kuti pepala likuchedwetsa n'kungoidula mutu mfumu yawo. Zonsezo zinangotidutsa. Ife tinamva za phale basi.

Ndiye a Mbewe anati Lachisanu tiyesera, aliyense abwere ndi phale lake. Wosankhidwayo akhala masiku khumi pansi pa mango kunja kwa kalasi. Atsikana savota, chifukwa ku Atene akazi sankavota, ndipo iwo sangasinthe mbiri. Esinati, amene ankatiposa tonse masamu, anangoti, "Chabwino sala." Koma chabwino ameneyo sanali wabwino.

Tsono ine ndinali monitala, wolemba mayina a olongolola. Panalibe mnyamata amene sanalawe ndodo chifukwa cha pensulo yanga. Poweruka, Dyson, goloboyi wa timu yathu, anandigwira paphewa n'kuti, "Iwe Limbani, ukasankhiretu mbali ya mthunzi wabwino." Ndipo mango aja anali m'mbali mwa njira yomwe abambo ankadutsa m'mawa uliwonse popita kudimba. Masiku khumi akundiona nditakhala panja ngati galu wakuba mazira? Ayi, ndinaona kuti pamenepa pafunika nzeru.

A Mbewe anaiwala chinthu chimodzi. Mwina kwa Agiriki phale linali chinyalala, koma kwathu phale ndi chiwiya. Pokazingira chimanga, mtedza, ngumbi, popalira moto kwa aneba. Mayi aliyense amalidziwa phale lake ngati nkhope ya mwana wake. Anzanga anangoba a amayi awo. Ine ndinaona kuti limodzi silingandipulumutse. Maso anga anagwera pa mtsuko wa amayi, wa timizere tokhota m'khosi, womwe madzi ake ankazizira mpaka mano kuwawa. Lachinayi masana amayi ali kuchigayo, ndinaupendeketsa pang'ono. Pang'ono chabe, ndikunena zoona. Phwaa! Amayi atabwera ndinati ndi mbuzi. Mapale ndinabisa kuseri kwa nkhokwe, n'kulemba ndi choko chakuba: Dyson, Dyson, Dyson, mpaka zala kutuwa.

Lachisanu, monga monitala, ine ndi amene ndinazungulira ndi dengu lotolerera mavoti. Pofika kumbuyo kwa kalasi ndinakhuthuliramo za m'matumba a kabudula. A Mbewe anayamba kuwerenga. Limbani, Limbani, Limbani. Kenako Dyson anayamba kubwera, osaleka. Anyamata tinalipo makumi atatu, koma mapale anapitirira makumi asanu. Ndiponso mapale a Limbani anali akuda ndi mwaye, onunkhira mtedza, pomwe a Dyson onse anali oyera bwino, onunkha dothi lonyowa. A Mbewe anasankhula mapale oyerawo. Anangoyamba kuwalumikiza patebulo, limodzi limodzi, khosi la mtsuko likubwerera ine ndikuona.

Apa m'pamene tinamva phokoso panja. Kani Esinati ndi anzake anali atauza amayi onse a m'mudzi komwe mapale awo apita. Analowa osaodira, zitenje zomangira m'chiuno, wina ali ndi mthiko m'manja. Patsogolo amayi anga.

"Aphunzitsi, tamva kuti akazi savota. Nanga mapale a akazi ndiye amavota?"

A Mbewe anagwira tayi. Ine ndimaganiza kuti anakumbukira Afalansa aja. Anayamba kufotokoza za Atene, koma amayi ake a Dyson anawadula, "Ku Atene kwanuko mtedza amakazingira pa chiyani?" Mayi aliyense anafika patebulo, kutola phale lake, osalakwitsa ndi mmodzi yemwe. Amayi anga anaima nthawi yaitali akuyang'ana timizere ta m'khosi tija. Kenako anatembenuza phale limodzi, kuona choko, n'kundiyang'ana.

"Limbani, mbuzi ija imadziwanso kulemba?"

Kalasi yonse inagwa ndi phwete, ngakhale Dyson amene ndinafuna kumupereka uja. Chigamulo sichinafune dengu. Pansi pa mango sipanakhale munthu, koma ine masiku khumi ndinatunga madzi kuchitsime ndi chidebe cha malata, m'mawa ndi madzulo, atsikana akundiimbira nthungululu. Lolemba a Mbewe anaitanitsa chisankho cha monitala watsopano, chokweza manja, atsikana omwe. Esinati anapambana, ndipo dzina loyamba kulemba linali langa.

Masiku ano ndimakavota mu holo ya sukulu ina pafupi pomwepa. Zii, palibe wa mthiko. Amakupatsa pepala limodzi lokha, pensulo yake yomangirira ndi chingwe, moti ndimati anthu awa anamva za ine. Ndikaima m'kachipinda kovotera muja ndimaganiza kuti mwina mbiri yonse ya a Mbewe ija inali yomweyi: wina amati inu musavote, ndiye tsiku lina osavotawo amalowa osaodira.

Tadala anandifunsa, "So who won, Dad?" Ndinati agogo ako, omwe sanaloledwe n'kuvota komwe. Chaka chatha ndinawagulira fuliji. Pafoni anathokoza bwinobwino, kenako anati madzi ake sakoma ngati a mumtsuko uja.