Buluku la pa denga

Ndikamadutsa pa kaunjika n'kuona atsikana akuyeza mabuluku a jinzi m'chiuno, uyu akuti ili landithina, uyo akuti ili silikuonetsa thupi, ndimangofulumiza mwendo. Sindiwanyoza ayi, avale. Kungoti nsalu imeneyo ndinaidziwa amayi awo asanabadwe, ndipo mpaka lero sindiikonda.

Ndinakulira ku malaini a esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, azungu akadalamulira. Makolo athu anachokera kwa Apwitikizi, choncho munda wathuwathu tinalibe. Nyumba inali ya kampani, ndipo lamulo lake aliyense ankalidziwa: m'dzinja, tiyi akaphukira, munthu wamkulu wa m'nyumbamo azioneka m'munda tsiku lililonse. Akasiya kuoneka, nyumba ilowa ena. Ine ndinali ndi zaka ngati khumi ndi zisanu, ndinkathyola nawo, koma tikiti yanga ya ntchito inali ya ana, yosasunga nyumba.

Zovala zathu akazi zinkayendera nyengo. Kukatentha tinkamanga biriwita pachifuwa, nsalu yakuda ija yosuluka, yosiya utoto m'khwapa ukatuluka thukuta. Chiperoni chikagwa tinkaonjezera nsalu ina paphewa, amene analibe ankangokumbatira manja. Dzinja linali la chiguduli. Unkatenga thumba, kulowetsa ngodya imodzi mwa inzake kuti likhale ngati chipewa, n'kuliponya kumutu, kwinako kumagwera kumsana pansi pa dengu. Musaganize kuti pa chiguduli panalibe kutchena. Ena tinkachimanga ndi luzi m'chiuno kuti chiuno chioneke, ena ankapendeketsa chipewacho. Ine pa zimenezi ndinali patsogolo. Ndinalinso ndi nsapato zatenesi zimene anandisiyira azakhali, zazikulu moti ndinkaika masanza kutsogolo. Lamulungu ndinkazipaka dothi loyera, kuzinyamula m'manja ulendo wonse, kukazivalira pakhomo pa tchalitchi. Mapazi odzaza zikang'a ndi matekenya, koma kuyenda kwake ngati mwana wa kalaliki.

Abambo anamwalira chaka chimenecho mvula isanagwe. Anapitako ku migodi ku Joni, anabwerako ndi sutukesi ndi chifuwa, ndipo chifuwacho n'chimene chinawatenga. Titaika maliro, abale awo anatenga zovala zonse monga mwa mwambo, nanena kuti adzabwera tikakolola kudzawasudzula amayi. Mkazi wamasiye asanasudzulidwe amakhala akadali wa malemu, mwamuna wina sayandikira.

Amayi anali ndi chilonda pamsongolo wakumanzere. Chinayamba ngati kukalika chabe. Amene sanalowepo m'munda wa tiyi amauona ngati bulangete lobiriwira, koma pansi pa masambawo pali timitengo todulidwa mosongoka, touma, todikira miyendo ya munthu. Ukamadzipanikiza mu mzere, nsalu yonyowa imakwera m'mwamba, timitengoto n'kumakulemba. Tonse tinali ndi zipsera. Cha amayi chokha sichinapole. Ku dispensale ankawapaka mankhwala n'kumanga bandeji, koma bandejiyo sinkafika kumapeto kwa mzere woyamba.

Tsiku lina m'mamawa, belu lisanalire, ndinawapeza atakhala pamphasa akuvala buluku. Ndinaima kukamwa yasa. Linali ovolosi ya abambo ya ku Joni, yabuluu, nsalu yake yolimba moti ukaliimika pansi linkatsala pang'ono kuima lokha. Abambo sanalivalepo kuno, ankalisungira tsiku labwino limene silinabwere. Amayi analibisa m'denga abale aja asanatsegule sutukesi, kenako anadula chapachifuwa ndi mpeni n'kulowetsa luzi m'chiuno.

"Amayi, mwapenga?"

"Tseka chitseko, utsekenso pakamwa," anatero.

Anapinda miyendo yake kufika pamwamba pa akakolo, n'kumanga nsalu yawo motsitsa kuposa masiku onse. Sizinkaoneka. Masiku amenewo mkazi wovala buluku tinali tisanamuonepo, kupatula mkazi wa mzungu wina amene ankakwera hatchi, ndipo ameneyo sitinkamuwerengera kuti ndi mkazi ngati ife.

Buluku lija linagwira ntchito yake. Timitengo tinkangotsetsereka, bandeji inkafika madzulo ili pamalo pake. Patapita masabata angapo chilonda chinayamba kuchepa, m'mphepete mwake munayamba kumera khungu latsopano lotuwa. Amayi anayambiranso kudzaza dengu msanga, mpaka tsiku lina ndinawamva akung'ung'udza nyimbo pochokera ku sikelo yoyezera tiyi. Lamulo lawo linali limodzi: buluku lichapidwe m'nyumba, liumire pamoto, lisaone dzuwa.

Mu Januwale kunagwa mvumbi wa sabata yathunthu. Nsalu yolimba ija siuma msanga, ndipo amayi ankalivala lili chinyontho. M'nyumba monse munali fungo la utsi, nkhungu ndi chilonda. Ndakhala ndikuuza anthu kuti zimene ndinachitazo ndinachita powamvera chisoni. Bodza. Fungolo linkandinyansa, linali litalowa m'nsalu yanga ya ku tchalitchi, ndipo mtsikana wina anali atatseka mphuno nditakhala naye pafupi. Loweruka masana dzuwa linatuluka, amayi ali ku dispensale. Ndinalichapa bulukulo ndi mtima wanga wonse, n'kuliyanika pa denga, kuseri kwa nyumba, kumene ndinkati sikudutsa munthu. Ndinaiwala kuti kuseriko n'kumene kunali njira ya kuchitsime.

Woyamba kuliona anali aneba, mayi wa nyumba yogundana ndi yathu. Si kuti anali mdani. Pamaliro a abambo ndiwo anatiphikira, ndiwo anagona nafe. Koma anali ndi pakamwa posasunga kanthu. Anaima ndi ndowa pamutu, kuyang'ana denga, kuyang'ana ine.

"Iwe, mwalandira alendo?"

"Ayi."

"Ooh," anatero, n'kumapita.

Ine mutu wanga wouma sindinamve chimene ankafunsa. Ndinkaopa kuti anthu adziwa kuti amayi amavala buluku. Maganizo amenewo sanamufikire munthu aliyense ku malaini. Buluku la mwamuna pa denga la mkazi wamasiye linali ndi tanthauzo limodzi lokha. Pofika madzulo, mwamunayo anali atapezeka kale ndi nkhope. Ena ankati ndi wa ku fakitale, ena ankati ndi dalaivala wa lole, wina analumbira kuti anamuona akutuluka mbandakucha.

Amayi atabwera analipeza louma bwino, lopindidwa pamphasa. Analinunkhiza, n'kundiyang'ana.

"Ndinati pamoto."

Bola akanangondimenya.

Lamulungu lotsatira anafika abambo aang'ono, mng'ono wa malemu abambo, amene anakwatira ku Nsabwe. Uthenga unali utawapeza. Anakana kulowa m'nyumba, anakhala pa mpando panja, kuti anthu amve. Ndipo anthu anabweradi, aliyense ngati akungodutsa.

"Alamu," anatero, "dothi la pamanda a achimwene silinakhazikike. Ife sitinakusudzuleni. Ndiye mwalowetsa kale munthu?"

"Munthu wake uti, alamu?"

"Mwini buluku."

Amayi anadzuka, kulowa m'nyumba, kutuluka nalo, kuliika pansi patsogolo pawo. Anakhala pakhonde, natambasula mwendo, nakweza nsalu mpaka m'bondo, pamaso pa mlamu wawo ndi amuna onse a pa laini. Anamasula bandeji pang'onopang'ono.

"Mwamuna wanga ndi ameneyu," anatero akuloza chilonda. "Ndi amene ndimagona naye, ndi amene amandidzutsa. Buluku ndimavala ndine, kuti ndithe kulowa mu tiyi. Muli ndi funso lina?"

Amuna anayang'ana kumbali. Kumbuyo wina anaseka, kuseka kwa munthu amene wasowa chochita. Abambo aang'ono anachita manyazi, ndinawaona, makutu awo anagwa. Koma munthu amene wayenda mtunda wonsewo ndi mlandu safuna kubwerera chimanjamanja. Anatola buluku, kulitembenuza, kuona mabatani ake achitsulo.

"Ili si la achimwene ili? Ndiye munabisa katundu wa malemu? Mpaka kudula ndi mpeni?"

"Alamu, ndisiyireni mpaka mvula ithe. Ndidzabwera nalo ndekha."

"Chovala cha malemu pathupi pa mkazi? Mukufuna mutiphe tonse?"

Analipinda n'kuliika kukhwapa. Apo ine ndinaphulika. Ndinawauza kuti pamene abambo ankalavula magazi iwo sanabwere ngakhale ndi dzira limodzi, kuti ndi afisi, kuti alivale likawathine mpaka kumanda. Amayi anandigwira dzanja n'kulifinya mpaka ndinasiya. Anandigwaditsa kuti ndipepese, ndipo ndinapepesa mano ali okukuta. Chidani chimene ndinali nacho tsiku limenelo sichinathe, ngakhale munthuyo anafa kalekale.

Mlandu wa chigololo unatha, m'malo mwake munalowa chipongwe. Lolemba pa sikelo aneba anayamba ndiwo, popereka moni kwa amayi. "Mwadzuka bwanji, abambo?" Gulu lonse linagwa ndi phwete. Dzina linakhala lomwelo. Abambo adutse, abambo atsitse dengu, abambo lero ndevu mwameta? Amayi ankangoyankha kuti tadzuka, kaya inu.

Tinayesa kudula chiguduli n'kumanga pamwendo ndi luzi. Chiguduli chimamwa madzi ndi matope, n'kumakhula pachilonda pomwepo. Ine ndinatenga nsapato zanga zija kupita nazo kwa mlonda wina wachikulire, kuti andisinthe ndi buluku lake lakutha, nsapatozo apatse mwana wake. Anaziyang'ana mozisirira, koma anapukusa mutu.

"Mwanawe, buluku langa likapezeka kwanu, ine ndikagona kuti?"

Khungu latsopano lija linachoka m'masiku atatu. Chilonda chinakula kuposa poyamba, chinayamba kulowa mkati, mwendo unatupa mpaka kuphazi. Amayi ankapitabe, atagwira ndodo, ine nditawasenzera dengu mpaka pamzere. Ankabwera ndi theka. Kenako linafika tsiku limene anadzuka, kuponda pansi, n'kukhalanso. Sabata imeneyo sanaoneke m'munda, yotsatiranso chimodzimodzi.

Akapitawo anabwera okha, chipewa chili m'manja. Sanali munthu woipa, ndipo chimenecho chinkandipsetsa mtima koposa, chifukwa panalibe womutukwana.

"Amayi, ine ndangotumidwa. Kwabwera anthu atsopano, alibe pogona. Mwina mukapume kaye kwa abale, mwendo ukapola mudzabwera."

"Ndamva, bambo. Mutipatse mpaka Lachisanu."

Tonse tinkadziwa kuti kubwerako kunalibe.

Amalume anali ndi kamunda ku Khonjeni, ndipo n'kumene tinalowera. Tinanyamuka Lachisanu m'mawa, kukuwaza. Ine ndinasenza mphasa, miphika ndi sutukesi, amayi ananyamula mwendo wawo wokha. Njira inkadutsa m'mphepete mwa munda umene gulu lathu linkathyola tsiku limenelo. Ndinapempha kuti tizungulire kwina, koma amayi anati alibe mwendo wozungulira nawo.

Akazi atationa anasiya kuimba. Palibe anati abambo. Ena anaweramira m'tiyi ngati sakutiona, mmodzi anakweza dzanja pang'ono n'kulitsitsa. Aneba anali kumapeto kwa mzere, pafupi penipeni ndi njira, ndipo analibe kothawira. Anaima ndi masamba m'manja.

"Achemwali, mwanyamuka?"

"Tanyamuka."

"Ine sindinkadziwa kuti zifika pamenepa."

Pofuna kutipatsa njira anabwerera m'mbuyo, nsalu yawo n'kukodwa pa kamtengo, kukwera pang'ono. Pansi pake panatuluka mwendo wa buluku la khaki, la amuna awo, lopindidwa kawiri. Ndinaliona bwinobwino. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiitane munda wonse udzaone. Amayi anali ataliona kale. Anandigunda ndi ndodo pa akakolo, osandiyang'ana, nasendera pafupi ndi aneba.

"Pindani katatu, achemwali," anatero motsitsa mawu. "Likuoneka. Ndipo muziumitsa pamoto."

Aneba anawerama kukonza nsalu, ndipo sanadzutsenso mutu. Ife tinapitirira. Kukafika ku Khonjeni tinapuma kosawerengeka, ndipo amayi sanadzathyolenso tiyi kapena kuyenda opanda ndodo.