Amene Ananyamula Che Twaibu

Ndinadzuka kusanache, adhana isanamveke kumzikiti. Kunena kuti ndinadzuka n'kungokometsa, chifukwa ndinali nditangotsamira khoma la nyumba ya achimwene anga, Che Twaibu, maso n'kutsekeka pang'ono. Iwo anali atatisiya dzulo lake dzuwa litapendeka, atavutika ndi chifuwa kwa miyezi. Amuna amene anachezera nafe anali atagona mozungulira chitsa cha moto, ena atafunda matumba. M'nyumba amayi a m'mudzi ankawerenga mapemphero a dua chapansipansi atazungulira alamu anga, Abiti Mussa, mkazi wa achimwenewo. Mwera unali utayamba usiku womwewo, ndipo nyanja inkamveka ngati yafika kuseri kwa bafa.

M'thumba la malaya ndinali ndi kanthu kamene ndinasoka pamaliro pomwepo. Ine ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo ku Mangochi boma, ndipo manja anga sadziwa kungokhala. Ndinatenga zidutswa za nsalu, n'kuzipinda, n'kusoka kankhata kathyathyathya koika paphewa mkati mwa malaya. Ndinkadziwa chimene chinkandidikira. Mudzi wathu uli kufupi ndi Nkope, koma manda athu ali kutali, kutsidya kwa msewu wa tala, kumtunda kumene makolo ankakhala asanatsikire kunyanja. Munthu wosasenza kanthu amafikako thukuta lili kamukamu. Tsono kwathu maliro a Msilamu amayenda pamapewa a amuna, m'chonyamulira chotchedwa jeneza, anthu akulandirana mpaka kumanda. Achimwene analibe mwana. Anyamata a pamtundu pathu pafupifupi onse ali ku Joni. Ndikawerenga amuna a magazi athu otha kusenza, zala za dzanja limodzi zinkatsalako.

Komatu ndinali nditalonjeza. Matenda atakula, achimwene anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Yusufu, usadzandikweze pagalimoto ngati thumba la usipa. Bambo anapita pamapewa.” Ndinavomera, ndipo alamu anali pomwepo akumva.

Dzuwa likutuluka anafika amjomba athu, mchimwene wa malemu mayi, amene amakhala ku Limbe. Anabwera pa pikapu yawo yoyera. Si munthu woipa ayi, koma ndi aja amene akaona vuto amafuna lithe tiyi asanazizire. Atapepesa maliro anandiitanira pambali.

“Yusufu, tamvera. Ndi mwera uwu, ndi mtunda uja, mukamugwetsa m'njira. Galimoto ndi iyi. Ukuganiza kuti kubwera ndani? Mkulu wako anthu ankamudziwa ndi zidole za pakanema basi.”

Mtima unandiwawa kwambiri, moti ndinayang'ana pansi kuti ndisawayankhe zosayenera pamaliro.

Zidole zimene ankanenazo nazi. Ali mnyamata, achimwene anakagwira ntchito yaulonda ku Joni, ndipo m'kanyumba ka alonda munali kanema. Mmenemo ndi mmene anakumana ndi masewero aja a anthu oyenda m'zombo pakati pa nyenyezi, opita m'maiko amene kulibe munthu anapondako. Anawakonda mpaka anaphunzirira Chingerezi momwemo. Anzawo pobwerera kumudzi anabwera ndi malata ndi njinga zamoto. Iwo anabwera ndi kanema wamkulu, dishi ya padenga ndi katoni yodzadza madisiki. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, n'kuwapatsa dzina loti Che Mlengalenga. Iwo ankaliyankha dzinalo mosangalala, ngati alandira udindo.

Ntchito yawo inali yokonza mainjini a maboti. Koma mwezi ukawala, pamene alovi sapita kukapha usipa chifukwa nyali sizikoka nsomba, achimwene ankatulutsa kanemayo pakhonde, n'kulumikiza batire, n'kundanditsa mabenchi amene anakhoma okha. Aliyense ankangofika n'kukhala. Mawu a kanema ankawatsitsa, n'kumafotokoza okha m'Chichewa chosakaniza ndi Chiyao. Mkulu wa chombo ankamutcha siginala, monga uja wotsogolera alovi ndi nyali panyanja. Antchito a m'chombomo anali alovi. Mayi wina woyang'anira injini anamutcha Abiti Sipanala, ndipo munthu wachitsulo wolankhula mosaseka anali Che Lata. Chombo chikagwedezeka ankati chakumana ndi mwera wakumwamba, alovi n'kumagwira mabenchi ngati ali m'madzi.

Ine ndinkakwera minibasi kuchokera kuboma kudzaonera nawo, ndipo sindichita nazo manyazi. Chimene chinkandikomera n'chakuti munthu wobadwira m'mudzi wa mchenga ngati wathu ankatha kukhala pabenchi, mapazi ali m'fumbi, mutu uli kuseri kwa dzuwa. Achimwene ankaimitsa kanema pakati kuti anthu atsutsane. Tsiku lina anafunsa kuti munthu ali m'chombo pakati pa nyenyezi, poswali ayang'ana kuti. Mkangano unakula mpaka yankho linachokera kuseri kwa mpanda. Anali shehe wathu, amene nthawi zonse ankati akungodutsa, koma kudutsa kwake kunkatha kanema akazima. Iye anati munthuyo ayang'ane kumene kuli dziko lathu, Mulungu amadziwa mtima. Koma chimene achimwene ankachikonda kuposa zonse chinali china. Mmodzi wa alovi a m'chombo akagwidwa kapena kufera kudziko lachilendo, anzake ankabwerera kukamutenga ngakhale kukhale moto. Pamenepo ankaimirira, n'kuloza kanemayo ndi limoti. “Mwaonatu? M'chombo sasiya munthu.”

Zonsezi amjomba sankazidziwa, ndipo sindikanayamba kuwafotokozera m'mawa umenewo. Ndinangowapempha kuti tidikire mpaka itatha swala, pemphero lathu la masana. Ndinati mapewa akachepa, ndidzakweza ndekha jeneza m'galimotomo. Anavomera, koma anakaimika pikapu pansi pa mtengo wa mango, kumbuyo kwake kutayang'ana khomo la nyumba, chitseko chake chotsegula. M'mawa wonse galimoto ija inkandiyang'ana.

Kuseri amayi anasonkha moto m'mafuwa. Mphepo inkabalalitsa utsi ndi phulusa, mpaka anazika mphasa ziwiri kuti atchinge. Anaphika tiyi m'ndowa, mpunga ndi nyemba m'mapoto obwereka kumzikiti. Mchenga unkalowa paliponse, m'maso, m'makapu, m'mano. Okumba manda ananyamuka ndi makasu awo atakweza makolala. Ife tinalowa kukasambitsa thupi, ndipo sanda, nsalu yoyera yokulungira maliro, ndinadula ndekha ndi sizasi yanga ya kuntchito. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuwayeza achimwene malaya a pa Idi, ndiye sindinafune tepi.

Nditatuluka ndinayang'ana pabwalo, mtima n'kugwa. Anthu analipo, koma ambiri anali amayi ndi nkhalamba zoyendera ndodo. Amjomba anandiyang'ana, kenako anayang'ana wotchi yawo. Ndinalowa kuseri kwa nyumba, n'kuika kankhata kanga paphewa, n'kumanga mabatani mpaka m'khosi.

Oyamba kufika anali alovi a padoko lathu. Mwera umene amjomba ankati utsekereza anthu ndi umene unawamasula, chifukwa palibe bwato linalowa m'madzi. Anayamba akokera kaye maboti kumtunda, n'chifukwa chake anachedwa. Anabwera m'magulumagulu, majekete awo akununkha petulo ndi nsomba, maso ofiira ndi mphepo. Kenako zinatulukira njinga zakapalasa za ku Nkhudzi, ena atakwezana awiriawiri, ambiri a iwo Akhristu, wina korona ikulendewera m'khosi. Dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo tinamva lole ikubuula kumsewu. Inali yofiira ndi fumbi, ndipo anthu otsikamo anali ofiira mpaka m'nsidze. Anali alovi a ku Makanjira, aja amadzamanga misasa pagombe lathu nyengo ya usipa. Atamva uthenga pafoni anaona kuti nyanja siwolokeka, ndiye ananyamuka usiku, kuzungulira pamlatho wa kuboma, pamsewu umene umathyola msana.

Pamenepo ndinaona chinthu china. Mabenchi a achimwene tinali titawamwaza pabwalo kuti pakhale olira. Amuna aja pofika, aliyense ankafunafuna benchi yake, n'kukakhala pamalo pomwe ankakhala poonera kanema. Mkulu wina wa ku Makanjira, siginala wakale wa diso limodzi, anapeza pamalo pake pali munthu, ndipo anangoimirira pambali mpaka winayo anazindikira n'kusuntha.

Akhristu a ku Nkhudzi anatuma awiri kwa shehe kukafunsa ngati angaloledwe kugwira jeneza. Ndinali pafupi, ndipo ndinamva yankho. “Amene anakhala naye pakhonde ayende naye. Ingoyendani mwaulemu.”

Tinaswalira thupi pabwalo la mzikiti, pafupi ndi nyumba ya achimwene, ndipo mizere inafika mpaka kumpanda. Titatha, tinafunditsa jeneza nsalu yobiriwira. Ine ndinagwira ngodya ya kutsogolo, mtengo n'kukhala bwinobwino pakankhata kanga. Ndinati m'mtima, achimwene, tiyeni, ine ndilipo mpaka kumanda. Koma tisanadutse n'komwe mtengo wa mango paja panali pikapu, dzanja linandigwira paphewa. Mwambo wake, wina akakugwira chotero umamupatsa malo, sukana. Ndinatuluka, n'kuthamangira kutsogolo kuti ndikalowenso pamzere.

Kutsogoloko ndinapeza mizere iwiri ya amuna itatambalala mbali zonse za njira, mpaka kumene maso anga ankalekezera. Jeneza linkayenda pakati pawo, kuchoka paphewa ili kupita paphewa ilo, osaima, osapendekeka. Anthu amene amakoka khoka limodzi safuna wowauza kuti gwira apa. Wamtali ankawerama pang'ono, wamfupi ankakweza manja, ndipo amene watula ankathamangira kutsogolo kukadikiranso. Kunkangomveka mawu a shahada, ovomereza kuti Mulungu ndi mmodzi, mapazi mumchenga ndi mphepo. Mwera ukafuna kuulutsa nsalu yobiriwira ija, manja angapo ankaigwira nthawi imodzi. Pamsewu wa tala magalimoto anaima mbali zonse, ndipo madalaivala ena anatsika n'kuvula zipewa. Pokwera mtunda, pamene ndinkaopa kuti mawondo anga adzagonja, jeneza linkathamanga kundiposa ine wopanda katundu.

Ndinayesa kulowa pamzere kangapo, koma paliponse ndinkapeza phewa la wina lafika kale. Ndinatsala pang'ono kukwiya, kuti kodi anthu inu, malirowa ndi anga kapena anu. Kenako ndinangoseka ndekha misozi ikutsika. Ndinanyada tsiku limenelo, ndinanyada kwambiri kuti munthu ameneyu tinayamwa bere limodzi.

Chapakati pa mtunda ndinatembenuka n'kuona amjomba akubwera wapansi, nsapato zawo za ku Limbe zitayera ndi fumbi, akupuma mwawefuwefu. Pikapu anaisiya pamango paja. Mlovi wina atawaona anawapatsa malo, ndipo anasenza mapazi angapo, kofiya itapendekeka. Atatula anadzayenda pambali panga.

“Yusufu, anthu onsewa ankakwana pakhonde paja?”

“Ankabwera mosinthana, amjomba, monga mukuwaoneramu.”

Anakonza kofiya yawo, n'kupitiriza kukwera.

Kumanda ndinatsikira m'dzenje pamodzi ndi amuna awiri achibale, n'kulandira thupi. Tinawagoneka chakumanja, nkhope itayang'ana kukibula, kumene timayang'ana poswali, ndipo ndinakumbukira funso lawo lija la munthu wa m'chombo. Tinatchinga ndi mitengo, ndinatuluka, ndipo makasu anayamba kulandiranidwa monga linachitira jeneza. Shehe anawerenga dua. Anthu atayamba kubalalika, siginala wa diso limodzi uja anaima pafupi nane, akuyang'ana mtumbira. Sanandipepese ngati ena. Anangonena motsitsa, “Tamufikitsa. Sitinamusiye.”

Titabwerera anthu anadya, kenako lole ya ku Makanjira inanyamuka, njinga za ku Nkhudzi n'kutsatira. Amayi anazima moto, anatsuka mapoto, n'kubweza mphasa. Amjomba anatseka chitseko cha pikapu yawo mwakachetechete, n'kupita kukagona kwa achibale kuboma. Madzulo pakhomo panatsala anthu ochepa, ndipo mwera unali utayamba kufooka. Nditatuluka panja ndinapeza mabenchi onse atandanditsidwa m'mizere, atayang'ana pakhonde, ngakhale palibe amene anawauza alovi aja kuti atero. Kanema anali m'nyumba, atafunditsidwa chitenje, ndipo limoti inali pamwamba pake pomwe mwini wake anaisiya.

Alamu anandiitana kuchipinda kumene anakhala pamphasa. Kwathu amayi sapita kumanda, choncho iwo anangoona jeneza likutuluka pachipata, galimoto ili pomwepo chitseko chotsegula. Tsiku lonse sanafunse munthu aliyense.

“Alamu, ndiuzeni zoona,” anatero. “Anafika bwanji?”

Ndinamasula mabatani, n'kutulutsa kankhata kaja, n'kukaika m'manja mwawo. Kanali kouma, kofufuma monga ndinakasokera, kopanda ndi mzere womwe wa mtengo.

“Pamapewa, alamu, kuchoka pano mpaka kumanda. Ine mng'ono wawo weniweni anandimana.”

Anakatembenuza kankhatako, n'kukasisita ndi chala. Anamwetulira koyamba chiyambire matenda, kenako anakaphimba kumaso n'kulira. Ndinawasiya nako, n'kukakhala panja pabenchi yanga ya masiku onse, yachiwiri kuchokera kutsogolo, phewa langa lisakupweteka ngakhale pang'ono.